Buku loti aliyense angalembemo: kodi mwana wanga alikhulupirire?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ntcheu. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali Fomu 3 pasukulu yoyendera. Mabuku pasukulupo ndi ochepa moti la Biology amachita kulandizana, ndiye madzulo akatsuka mbale amabwereka foni yanga n'kumawerenga pa Wikipedia. Sabata yatha aphunzitsi awo anawaletsa, ati m'menemo aliyense, ngakhale chidakwa, angathe kulemba zimene wafuna. Tsono ine zandizunguza. Ngati zili choncho, bwanji anthu ophunzira amatsegulabe? Nanga chinthu chachikulu chotere chingakhale bwanji chaulere, akudyerapo ndani? Ndinayesanso kusaka dzina la mfumu yathu ndi la mudzi wathu, osapezamo kanthu. Ndimuletse kapena ndimusiye?

Yankho

Mayi, foniyo musamulande. Aphunzitsi akewo sananame ayi. Chidakwa chingathedi kulembamo, ndipo zidakwa zinalembamo kale zambiri. Chimene sanafotokoze ndi zimene zimachitika chidakwacho chikangomaliza kulemba. Ine ntchito yanga ndi ya mulaibulale, ndipo ndikaweruka ndimakonzako nkhani pa Wikipedia, choncho ndikulowetsani kukhitchini muone nokha mmene ndiwozi zimaphikidwira.

Wikipedia, buku la chidziwitso la pa intaneti, inatsegulidwa pa 15 Januwale 2001, tsiku lomwe ife kuno timakhala tili pa holide yokumbukira John Chilembwe. Anaiyambitsa ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger ku America, ndipo awiriwa poyamba ankaganiza ngati aphunzitsi a mwana wanuwo. Mu 2000 anayamba ndi Nupedia, yomwe ankalemba ndi akatswiri okhaokha, nkhani iliyonse n'kumadutsa pa masitepe 7 oiunika isanatuluke. Mmene Nupedia inkatsekedwa mu 2003, nkhani zomalizidwa zinali zisanakwane 30. Wikipedia, imene anangoitsegula pambali ngati kadimba ka kuseri kwa nyumba, inali ndi nkhani pafupifupi 20,000 pakutha pa chaka chake choyamba. Nzeru ya tsamba loti aliyense angalisinthe anaitulukira Ward Cunningham mu 1995, n'kuitcha wiki, mawu a chinenero cha ku Hawaii otanthauza msangamsanga. Mu 2025 Wikipedia ya Chingerezi inadutsa nkhani 7 miliyoni, ndipo zilipo zina m'zinenero zoposa 300. Encyclopaedia Britannica, zimabuku 32 zija zimene ife a mulaibulale tinkazitsekera m'kabati kuopa kuti ana angazing'ambe, inalengeza mu 2012 kuti yasiya kusindikiza papepala.

Kuti mumvetse chifukwa chake chinthu chotseguka chonchi sichinasanduke dzala, ganizirani banki mkhonde. Pamenepo palibe manijala wa digiri, palibe mlonda wa mfuti. Chimene chimasunga ndalama ndi chakuti zonse zimachitika pamaso pa gulu. Uyu wasunga zingati, uyo wakongola zingati, mlembi amalemba anthu akuona, ndipo makiyi a bokosi sakhala ndi munthu mmodzi. Wikipedia ndi momwemo. Tsamba lililonse lili ndi kaundula wake, ndipo kaundulayo aliyense angamutsegule.

Yesani izi madzulo ano muli naye limodzi. Tsegulani nkhani ya malungo ya m'Chingerezi, ya mutu woti Malaria, mutsetsereke mpaka pansi penipeni. Mupeza kamzere konena kuti tsambalo lasinthidwa komaliza liti ndipo walisintha ndani. Kadineni. Patseguka mndandanda wautali wobwerera m'mbuyo zaka zambirimbiri: uyu anawonjezera chiganizo, uyu anachotsa nambala yakale, uyu analemba chipongwe, winayo anachifufuta. Ngakhale munthu atangosintha chilembo chimodzi, chimaoneka. Akonzi okhazikika amaika nkhani zimene amazidziwa bwino pa mndandanda wawo wolondera, wina akangokhudzapo iwo aona. Palinso mapulogalamu a kompyuta, monga ClueBot NG, amene amabweza zolaula ndi zoononga zoonekeratu mphindi isanathe. Nkhani zimene anthu amakonda kuziononga amazitseka, mumaona kaloko pamwamba pa tsamba, ndipo mlendo wongofika kumene sangalembemo. Choncho chidakwa chija chikafuna kulemba kuti malungo amabwera chifukwa chodya mango aawisi, mwina sichipeza n'komwe polowera, ndipo chikalowa bodzalo silifika m'mawa.

Mu Disembala 2005 magazini ya sayansi yotchedwa Nature inatulutsa zotsatira za kuyerekeza kwina. Inapereka kwa akatswiri nkhani za sayansi za mu Wikipedia ndi za mu Britannica pa mitu 42, osawauza kuti iyi yachokera uku. Anapeza zolakwika pafupifupi zinayi pa nkhani iliyonse ya Wikipedia ndi zitatu pa ya Britannica. A Britannica anatsutsa mwamphamvu mmene kafukufukuyo anachitikira, ndipo mpofunika kuzinena zimenezo. Koma ine chimene ndinatolapo n'chakuti buku lodula lija nalonso linali ndi zolakwika zake, kungoti zake zinkakhala chikhalire mpaka adzasindikize lina.

Tsopano mbali imene aphunzitsi akulondola. Inu mukudziwa chimene chimachitika ku banki mkhonde anthu akayamba kujomba pamisonkhano, n'kutsala mlembi ndi msungichuma okha. Wikipedia ilinso ndi ngodya zotero, masamba oti amapita mwezi osatsegulidwa ndi munthu wodziwa nkhaniyo. Mu Meyi 2005 munthu wina pofuna kuseka ndi mnzake analemba kuti John Seigenthaler, mtolankhani wolemekezeka wa ku America, anaganiziridwapo kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John F. Kennedy, pulezidenti wa dzikolo, ndi mng'ono wake Robert. Linali bodza lamkunkhuniza. Mkuluyo anagwirapo ntchito ndi Robert Kennedy ndipo ananyamula nawo bokosi pamaliro ake. Bodzalo linakhala pamenepo miyezi inayi chifukwa tsambalo analibe olilondera. Kuchokera pamenepo Wikipedia ya Chingerezi inaletsa anthu osalembetsa dzina kuyambitsa nkhani zatsopano, ndipo inakhwimitsa malamulo pa nkhani za anthu amoyo.

Pali msampha wina umene ine umandiopsa kuposa chidakwa. Mu Febuluwale 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, wina anawonjezera dzina labodza loti Wilhelm pa mndandanda wa mayina ake, omwe ndi ambiri kale. Atolankhani ofulumira anakopera pa Wikipedia n'kusindikiza. Akonzi ena atakayika n'kuchotsa dzinalo, ena analibwezera, umboni wawo uli nyuzipepala zomwezo. Bodza linadzibalira lokha mboni. Linadzaululika, koma mukuona kuti vuto silinali pa Wikipedia pokha. Linali kwa anthu ophunzira amene anakopera osafunsa.

Ndiye funso loti "Wikipedia njodalirika?" lilibe yankho limodzi, monga momwe simungayankhire kuti nsomba za pamsika wonse nzabwino kapena nzovunda. Mumagwira imodziimodzi, kuiona m'maso ndi kuinunkhiza. Nkhani za sayansi, masamu, thupi la munthu, nkhondo zikuluzikulu za padziko, mayiko ndi mitsinje yotchuka, zimenezo zili ndi maso ambirimbiri, ndipo ndizo mwana wanu akuwerenga. Pa zimenezo ine ndilibe nkhawa yaikulu. Nkhani za andale amoyo nthawi ya kampeni, za makampani, za oimba ongotchuka kumene, ndi za timadera ting'onoting'ono, pamenepo mpofunika kuponda mosamala.

Muphunzitseni kuona nsomba m'maso. M'kati mwa nkhani muli timanambala ting'onoting'ono kumapeto kwa ziganizo. Kanambala kalikonse kamalozera ku gwero: buku, lipoti, nyuzipepala. Akapeza mfundo imene akufuna kuilemba mu notsi, adine kanambalako aone kumene yachokera. Chiwerengero cha odwala malungo chikalozera ku lipoti la World Health Organization, ali pabwino. Chikalozera ku tsamba logulitsa mankhwala, achenjere. Pamene palibe kanambala, kapena pamene alembapo kuti "citation needed", ndiye kuti akonzi anzathu akunena poyera kuti apa umboni sitinauone. Nkhani zina zimakhala ndi kabokosi pamwamba kochenjeza kuti magwero ndi ochepa kapena kuti nkhaniyo yapendekera mbali imodzi. Ana ambiri amadumpha kabokosiko ngati chikwangwani cha pamsewu, pomwe ndiko koyamba kuwerenga. Kanyenyezi kakang'ono pamwamba kamasonyeza nkhani imene inaunikidwa kwambiri n'kupezeka kuti ili m'gulu la zabwino zedi.

Palinso tsamba lina kuseri kwa nkhani iliyonse, lotchedwa Talk, lomwe ndi bwalo la akonzi. Ine ndimakonda kuonetsa ophunzira nkhani ya nyanja yathu. Ife timati Lake Malawi, a ku Tanzania amati Lake Nyasa, a ku Mozambique amati Lago Niassa, ndipo nkhani ya malire siinathe. Malawi imanena kuti malire ali m'gombe la kum'mawa potengera pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, pomwe Tanzania imati adutse pakati pa madzi. Wikipedia siweruza mlandu wotere. Lamulo lake ndi loti ifotokoze zimene mbali iliyonse ikunena ndi amene akunenayo. Mwana wozolowera buku limodzi ndi yankho limodzi amadabwa akaona zimenezi, ndipo kudabwa kumeneko n'kwabwino.

Pa za mayeso ndikhale kumbali ya aphunzitsi pang'ono. A MANEB amafunsa kuchokera mu silabasi, ndipo Wikipedia siidziwa silabasi ya Malawi. Nkhani yake ya mmene masamba a zomera amapangira chakudya imalowa mwakuya mpaka zinthu za ku yunivesite, mwana wa Fomu 3 angathe kumira n'kuiwala mfundo zinayi zimene wochonga akuzifuna. Buku la kusukulu ndi notsi za aphunzitsi zikhale msewu, Wikipedia ikhale pokafunsa akasochera. Ngati Chingerezi chake chikumulemera, pali ina yotchedwa Simple English Wikipedia, pa simple.wikipedia.org, yolembedwa m'mawu osavuta, ndipo ili ndi nkhani zoposa 200,000. Kukopera ndime yonse n'kukapereka ngati ntchito yake ndi kubera, kaya wakopera pa intaneti kaya m'kope la mnzake. Komanso wina akadwala pakhomo, mlingo wa mankhwala musautenge pafoni, pitani kuchipatala. Ndipo poti ana masiku ano akuthamangira ku mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT, dziwani kuti ambiri mwa iwo anaphunzitsidwa ndi zolemba za pa intaneti kuphatikizapo za Wikipedia yomweyo, koma yankho lawo lilibe kaundula woti mungaone amene analemba ndi amene anatsutsa. Mphunzitsi woletsa Wikipedia osanenapo kanthu za zimenezi watseka pakhomo n'kusiya zenera.

Mwafunsa kuti akudyerapo ndani. Funso labwino, pakuti tonse tinaonapo zaulere zimene zinadzatilipiritsa pambuyo. Makompyuta akuluakulu osunga Wikipedia amayendetsedwa ndi bungwe losachita malonda lotchedwa Wikimedia Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili ku San Francisco. Ndalama zake, zomwe zimaposa madola 150 miliyoni pachaka, zambiri zimachokera kwa owerenga wamba opereka pang'onopang'ono, makamaka a m'mayiko olemera. Zimalipira mainjiniya, maloya ndi makompyutawo. N'chifukwa chake simuonamo malonda a sopo kapena a juga. Koma bungwelo silimene limalemba nkhani. Olembawo salipidwa ngakhale tambala. Ndi aphunzitsi opuma, madokotala, ophunzira, anthu okonda mbalame kapena sitima zapamtunda, amene amasangalala chinthu chikalembedwa molondola. Ena amatsutsa kuti bungwelo limapempha ndalama zambiri kuposa zimene likufunikira, ndipo mkanganowo umachitika poyera pakati pa akonzi omwewo. Aliponso ochenjera amene amalandira ndalama kuti akometsere kampani kapena wandale. Malamulo amafuna kuti wotero adziulule, ndipo ogwidwa akubisa amatsekeredwa kunja.

Chichewa chili ndi mawu awiri pamene Angerezi amasokonezeka ndi amodzi oti "free": ulere ndi ufulu. Wikipedia ili ndi zonse ziwiri, ndipo chachiwiricho ndicho chachikulu. Zolembedwamo zili pansi pa chilolezo cha Creative Commons chimene chimalola aliyense kukopera, kusindikiza, kumasulira m'Chichewa, kuwerenga pawailesi ya m'dera, ngakhale kugulitsa, bola atchule kumene watenga ndipo alole ena kuchita chimodzimodzi ndi zimene wapangazo. Mphunzitsi angathe kusindikiza masamba khumi n'kugawira kalasi yonse popanda kuopa mlandu. Buku la m'sitolo simungalitero. Maboma ena ufulu umenewu umawawawa. Turkey inatseka Wikipedia kuyambira mu Epulo 2017 mpaka mu Januwale 2020, khoti litagamula kuti kutsekako kunali kuphwanya ufulu wa anthu, ndipo China inatseka ya zinenero zonse mu 2019.

Koma ulere wake umathera pa bandulo, ndipo inu mukudziwa zimenezo kuposa ine chifukwa mayunitsi akuchoka m'thumba mwanu. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula Wikipedia, pamafunika ya intaneti yonse. Chotonthoza n'chakuti malemba sadya data ngati mavidiyo, masamba ambirimbiri amatha data yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka nthabwala. Kale kunali ndondomeko yotchedwa Wikipedia Zero, yomwe kuyambira 2012 inkagwirizana ndi makampani a mafoni m'mayiko osiyanasiyana kuti anthu aziwerenga osadula data. Ku South Africa ophunzira a pa Sinenjongo High School ku Cape Town analemba kalata yopempha zimenezo mu 2012, ndipo kampani ya mafoni ya MTN ya kumeneko inavomera mu 2014. Ndondomekoyo inatha mu 2018. Chimene chilipo mpaka lero, ndipo ndi chimene ndingakulangizeni, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix. Mumatsitsa nkhani za Wikipedia kamodzi pamalo pamene pali Wi-Fi, n'kusunga pa memori khadi, kenako mwana amawerenga popanda netiweki. Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake ndi yaikulu, pafupifupi 100 GB, koma pali zigawo zazing'ono za phunziro limodzilimodzi, monga za chemistry, physics, masamu kapena zachipatala, zimene zimakwana pafoni wamba. Ngati pasukulupo pali kompyuta ngakhale imodzi, nkhaniyi ikatuleni pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Ndasiyira kumapeto nkhani ya mfumu yanu, chifukwa ndi imene imandikhudza kwambiri. Kwa ife vuto lalikulu la Wikipedia si bodza. Ndi chete.

Nditangoyamba kumene, ndinalemba nkhani ya mudzi wa kwa amayi anga. Ndinalemba mmene makolo anafikira pamalopo, mafumu asanu motsatana, ndi chifukwa chake kamtsinje ka kumeneko kali ndi dzina limene kali nalo. Zonse ndinazimva kwa malume anga, munthu woti akayamba kufotokoza mibadwo simungamupeze polakwa. Ndinagona ndikunyadira. Patangopita masiku ochepa ndinapeza nkhaniyo yachotsedwa, mkonzi wina atasiya uthenga waulemu wofunsa kuti zimenezi zinasindikizidwa pati. Ndinakwiya sabata yathunthu. Kenako ndinadzifunsa kuti mkonziyo, ali kutsidya kwa nyanja, akanasiyanitsa bwanji malume anga ndi chidakwa chija. Olakwa ndinali ine, sindinawerenge malamulo. Wikipedia siilandira zimene munthu akudziwa yekha, ngakhale zili zoona. Imalandira zimene zinasindikizidwa kale pamalo odalirika pomwe wina angakaone. Ndipo kuti munthu kapena malo akhale ndi nkhani yakeyake, pafunika kuti anthu osakhudzidwa naye akhale atalembapo za iye mokwanira.

Lamuloli lagwetsa anthu akuluakulu. Mu 2007 Jimmy Wales mwiniwake anayambitsa kankhani ka chiganizo chimodzi ka Mzoli's, malo ootchera nyama amene anali otchuka ku Gugulethu ku Cape Town, ndipo mkonzi wina anakachotsa patangotha mphindi 22. Kanabwezedwa pambuyo pa mkangano waukulu. Mu 2018 nkhani ya Donna Strickland, katswiri wa physics wa ku Canada, inakanidwa poti akuti magwero ake sanali okwanira, ndipo miyezi yochepa pambuyo pake mayiyo analandira mphotho ya Nobel. Ngati zinatero kwa amenewo, kuli bwanji nyakwawa ya ku Ntcheu. Mu 2009 Mark Graham, wofufuza wa ku yunivesite ya Oxford, anawerengera nkhani zolozera malo pamapu n'kupeza kuti Antarctica, kumene kulibe mudzi ndi umodzi womwe, inali ndi nkhani zambiri kuposa dziko lililonse la mu Africa kupatula limodzi. Zinthu zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma mpata udakalipo.

Maganizo anga ndi akuti lamulolo ndi lolondola ngakhale limatipweteka. Inu mukudziwa mmene milandu ya ufumu imakhalira, banja ili likuti ndife, linalo likuti agogo athu ndiwo anayamba. Atati aliyense azilemba zimene agogo ake anamuuza, tsamba la mudzi wanu likanasanduka bwalo la ndewu, ndipo wopambana akanakhala amene ali ndi bandulo yaikulu. Komabe mtengo wake ndi wowawa, chifukwa mpanda umene ukutchinga chidakwa ukutchinganso malume anga. Mbiri yathu yambiri ili m'mitu ya nkhalamba, mwa anamkungwi, m'nyimbo za pamtondo ndi m'mayina a madambo. Zimene zinalembedwa, zambiri analemba ndi amishoni ndi abwanamkubwa a atsamunda, ndi maso awo. N'chifukwa chake za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, mudzazipeza, za Chilembwe ndi kuukira kwa 1915 mudzazipeza, koma za mfumu yanu ayi. Anthu ena a Wikipedia anayesapo ku India ndi ku South Africa cha m'ma 2011 kujambula mawu a anthu odziwa kuti akhale umboni, koma njirayo siinalandiridwe ngati lamulo pa Wikipedia ya Chingerezi.

Mwina simukudziwa kuti ilipo Wikipedia ya Chichewa, pa ny.wikipedia.org. Itseguleni, koma musayembekezere zambiri. Nkhani zake zangopitirira 1,000 pang'ono, pa chinenero cholankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Ya Chitumbuka inatipitirira kutali, ili ndi nkhani zoposa 10,000, ndipo ya Chiswahili ili ndi zoposa 70,000. Zina mwa zathuzo mukaziwerenga mumamva kuti sanalembe ndi munthu woyamwa Chichewa, ndi Chingerezi chovala chitenje. Apa pali ngozi imene anzathu a ku Scotland anaiona. Mu 2020 kunadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za Wikipedia ya chinenero cha Scots analemba ndi mnyamata wa ku America amene sankachilankhula. Sanali wankhanza, ankaganiza kuti akuthandiza, ndipo kwa zaka zambiri panalibe eni chinenero okwanira oti amudzudzule. Kuchuluka kwa nkhani pakokha sikunena kanthu. Wikipedia ya Cebuano, chinenero cha ku Philippines, ili ndi nkhani mamiliyoni, koma zambiri inapanga ndi pulogalamu ya kompyuta ya munthu mmodzi wa ku Sweden. Kwa ife, munthu akamangothira nkhani za Chingerezi mu makina omasulira n'kuzimata osazikonza, akuononga kawiri, chifukwa makina omwewo amadzaphunziranso Chichewa kuchokera pa zomatazo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa mwana wanuyo angachitepo kanthu kamene kangamuthandizenso pa mayeso. Akawerenga za mmene magazi amayendera m'thupi, atseke foni, akufotokozereni inuyo m'Chichewa muli pamkeka. Pamene akakamire mpamene sanamvetse. Akazifotokoza mpaka inu mwamva, ziganizo zisanu zimenezo, ndi gwero lake la m'buku la kusukulu, zingathe kukhala chiyambi cha nkhani pa Wikipedia ya Chichewa. Polembetsa asagwiritse dzina lake lenileni, asaike nambala ya foni kapena dzina la sukulu yake, ndipo wina akamukonza asapse mtima ngati mmene ndinachitira ine.

Palinso makomo ena amene safuna buku. Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi yomwe inayamba mu 2004, imalandira chithunzi chimene mwajambula nokha, kaya ndi cha nkhokwe, cha phiri la kwanuko kapena cha msika wa kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu, bola anthu ooneka nkhope akhale atalola. OpenStreetMap, mapu ojambulidwa ndi anthu wamba amene anayamba ku Britain chaka chomwecho, amalandira zimene mwaona ndi maso: mjigo uli apa, mlatho uli apo, mudzi uwu dzina lake ndi lakuti. Mapu amenewa anathandiza opereka chithandizo ku Haiti chivomezi cha 2010 chitachitika, ndipo anthu odzipereka anajambulanso madera amene namondwe Idai anawononga mu 2019. Mudzi wanu ungathe kuoneka pamapu amenewo sabata ino.

Za mfumu zija njira yake njotalikirapo, chifukwa ziyenera kuyamba zalembedwa kwina. Nthawi zina zimapezeka kuti zinalembedwa kale, m'mafayilo akale a maboma ku National Archives ku Zomba, mu Society of Malawi Journal, kapena m'kafukufuku wa ophunzira za mbiri ku yunivesite. Ngati mulibe, mtolankhani wolemba za chikhalidwe kapena wophunzira amene akusaka mutu wa kafukufuku angakondwere kuitanidwa. Koma onsewo adzafuna munthu womufunsa, ndipo anthu amenewo akutha. Pitani kaye kwa mfumu mukapemphe chilolezo, kenako mupite ndi mwanayo ndi foni yomweyo kwa wamkulu kwambiri m'mudzimo, mujambule mawu. Poyamba anene dzina lake, mfunda wake ndi amene anamuuza mbiriyo, inu munene tsiku. Mukafunsenso wa banja linalo padera, ngakhale mukudziwa kuti anena zosiyana. Zojambulazo muzisunge pawiri, pa memori khadi ndi pafoni ya wachibale wina. Malume anga aja anamwalira ndisanawajambule, ndipo pa mafumu asanu aja lero ndimakumbukira mayina atatu okha.